Zotsala za kulesitilanti zandikwana, ndigule nkhumba zizidya?

"Moni alangizi. Ine ndine mayi wa pa Kamwendo kuno ku Mchinji, ndili ndi kalesitilanti kanga pafupi ndi msika. Ndimaphika nsima, mpunga, nyemba, nkhuku, masamba otendera, masiku a msika ndimawonjezera nyama ya nkhumba, m'mawa tiyi ndi mbatata. Vuto langa ndi zotsala. Tsiku lililonse ndowa imadzadza, nsima yosiyidwa m'mbale, makoko, tomato ndi kabichi zowola, nde timakangokhuthula m'dzenje kuseri pamodzi ndi majumbo ndi madzi otsukira mbale. Pano dzenjelo likununkha koopsa, ntchentche, makoswe, agalu usiku, mphutsi zikuluzikulu zakuda, aneba ayamba kundinena ndipo eni nyumba akuti zikapitirira ndisamuke. Alamu anga akuti ndigule tiana ta nkhumba tiwiri tizidya zotsalazo kumudzi, ena akuti ndizingothira palafini n'kutentha. Ndithandizeni, ndipange chani? Ndine Naphiri."

Zikomo Anaphiri polemba, ndipo pepani ndi mawu a anebawo, amawawa munthu ukuyesetsa kuti ana adye. Koma mtima m'malo mayi, ili si vuto lotsekera bizinesi ayi. Malo odyera ambiri, kaya pa Waliranji, pa Kapiri, kuboma kapena kuchipata cha Mwami, mukazungulira kuseri mupeza dzenje lofanana ndi lanulo, kungoti ena aneba awo sanayambe kuyankhula. Ine ulangizi wa zaulimi ndaugwira zaka zambiri m'midzi ndi m'misika ya chigawo chapakati chino, maenje oterewa ndawaona ambiri, ndipo chimene chimawanunkhitsa kwenikweni ndi kusakaniza. Mukathira nsima, mafupa, majumbo ndi madzi otsukira mbale malo amodzi, madzi aja amadzadza timipata tonse, majumbo amatseka pamwamba, mpweya sulowanso, nde zinthu zimawola mobanika ndipo kuwola kotero ndi kumene kumatulutsa fungo la mazira ovunda lija pamodzi ndi mpweya wa methane. Zinthu zomwezo mutazisiyanitsa pa nthawi imene mbale ikuchoka patebulo, zina ndi chakudya cha ziweto, zina ndi manyowa, zotaya zenizeni zimatsala pang'ono zedi. Ndiye musanaganize za nkhumba gulani kaye ndowa zitatu za zivindikiro. Ina ya makoko ndi masamba osaphika, ina ya zophika zobwerera m'mbale, ina ya majumbo ndi mabotolo. Madzi otsukira mbale muziwasefa pa kansalu kapena sefa yakale, akathiridwe pa nthochi kapena pa kadzenje kena kodzadza miyala, m'dzenje la zinyalala asalowenso.

Koma ndifunse kaye, ndowa yodzadza tsiku lililonse, ufa umenewo anagula ndani? Ndi inu. Makala ophikira nsima yotayidwayo, mafuta, mchere, malipiro a mtsikana wotakasa, zonse zatuluka m'thumba mwanu. Fungo timalimva koma ndalama imene ikupita kudzenje sitiiona. Bungwe loona za chakudya ndi ulimi padziko lonse la FAO linanena mu 2011 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse cholimidwa padziko limawonongeka kapena kutayidwa, ndipo kwathu kuno zambiri zimawonongekera kumunda, munkhokwe ndi pamsika, chifukwa pakhomo sititaya nsima mwachisawawa, yotsala timadya mkute m'mawa. Nde ngati kwanu nsima ikubwerera yambiri m'mbale, pali chimene ikukuuzani. Tengani kope, kwa masabata awiri muzilemba ufa umene mwaphika, mbale zimene mwagulitsa, ndi chimene chatsala kwambiri. Muona nokha kuti tsiku la msika silifanana ndi masiku wamba, kumapeto kwa mwezi sikufanana ndi pakati pa mwezi, nyengo imene anthu akugulitsa soya, mtedza ndi fodya sifanana ndi Januwale kapena Febuluwale pamene m'thumba mwa aliyense mwauma. Ambiri amaphika chimphika chimodzi m'mawa poopa makala, koma miphika iwiri yapakatikati, wina cha m'ma 11 wina cha m'ma 1 mutaona mmene anthu akulowera, imakupulumutsirani ufa wambiri kuposa makala mwawonjezerawo. Komanso mitanda itatu kwa aliyense bwanji? Ikani iwiri, wofuna yowonjezera apemphe, amayi ndi ana asukulu ambiri samaliza ngakhale iwiriyo. Hafu mbale pa mtengo wake imakopanso makasitomala amene akanangodutsa.

Zotsala mumphika, zimene sizinafike m'mbale ya munthu, ndi chakudya chabwinobwino ndipo ine zimandipweteka zikapita kudzenje pamene panja pali anyamata a kabaza, alonda, amayi ogulitsa tomato amene atandala osadya. Cha m'ma 4 tsitsani mtengo, kapena gwirizanani ndi amene amakutungirani madzi kuti gawo la malipiro likhale chakudya. Bola samalani ndi nthawi. A zaumoyo amati chakudya chophika chisakhale maola oposa 2 chili pamtunda chitazizira, chizikhala chotentha pambaula kapena chilowe mufiriji, ndipo ndi dzuwa la Okutobala lija nyemba ndi masamba otendera zimasasa msanga kwambiri. Mpunga ndiye wachinyengo, umaoneka bwinobwino, sununkha, koma ukagona pamalo ofunda tizilombo tina topirira moto timasiyamo poizoni amene satha ngakhale muutenthetsenso, munthu amangoyamba kusanza patapita maola ochepa. Mpunga wogona musagulitse chonde. Ndipo zimene zabwerera m'mbale ya kasitomala zisapite kwa munthu wina aliyense, ngakhale atapempha yekha. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, sitinaiwale, ndipo zikatere ogulitsa zophikaphika ndi amene amayamba kuletsedwa.

Tsopano nkhumba za alamu anuzo. Maganizowo si oipa, nkhumba imasandutsa makoko kukhala ndalama ndipo anthu ambiri alipirira ana fizi njira yomweyi. Koma walira mvula walira matope, ndipo matope ake apa ndi chigodola, matenda a nkhumba. Inu muli ku Mchinji, boma limene matendawa anakhazikika kalekale, akatswiri anapeza m'zaka za m'ma 1980 kuti nkhufi zobisala m'ming'alu ya makola a nkhumba kuno zimasunga kachirombo kake. Chigodola chilibe mankhwala, katemera wake kuno kulibe, chikalowa m'khola chimatha kusesa pafupifupi nkhumba zonse pa sabata imodzi kapena ziwiri. Munthu sichimugwira, nchifukwa chake anthu amachipeputsa, nkhumba ikangoyamba kufooka mwini wake amaipha msangamsanga n'kukagulitsa nyama motchipa, nyama ija ifika pachiwaya kapena pa lesitilanti ngati yanu, kasitomala wasiya kafupa ndi kachikopa m'mbale, mtsikana wakhuthulira mundowa, ndowa yapita kumudzi pa njinga, basi khola lonse lapita ndi la aneba lomwe. Kachirombo kameneka ndi kolimba modabwitsa, kamakhala miyezi mu nyama yowamba, yothira mchere kapena ya mufiriji, ndipo madzi amene mwatsukira nyama yaiwisi, mpeni ndi thabwa lodulirapo ndi oopsa kuposanso nyama yophikayo.

Ndiye ngati nkhumba mukuzifunadi, ndinene mosabisa. Popeza mumaphika nyama ya nkhumba masiku a msika, zotsala za masiku amenewo zisapite kukhola ngakhale pang'ono, zikwiriridwe. Za masiku enawo, nsima, mpunga, nyemba, masamba, ziwiritseni kaye mu diramu kapena mumphika wakale, zibwate ola lathunthu mukutakasa, zizizire, n'kupereka tsiku lomwelo. Ndikudziwa muti nanga nkhuni zake zichokera kuti, eya, ndi ndalama imeneyo ndipo muiwerengere musanagule tiana tija, ena amasonkhezera zitsononkho ndi makoko a mtedza. Musankhemo zotokosera m'mano, zitsekerero za mabotolo, magalasi osweka ndi tizidutswa ta sitiliwulu yokwechera miphika. Mchere nawo, msuzi wa kulesitilanti umakhala ndi mchere wambiri ndipo nkhumba ikadya mchere wochuluka popanda madzi akumwa okwanira imayamba kuzungulirazungulira, kugwa ndi kuphupha, nde madzi asamasowe m'khola usana ndi usiku.

Chinanso chimene mwina alamu anu sanakuuzeni, nsima yotsala yokha sikulitsa nkhumba. Imakhutitsa koma zomanga thupi ndi zochepa, kamwana ka nkhumba kodya nsima ndi makoko okha kamangotupa mimba, miyezi ikupita iko kali pomwepo. Pafunika madeya, soya wokazinga n'kugaya chifukwa wosakazinga amasokoneza m'mimba, ndi fumbi la usipa lija lotsala pansi pa thumba. Khola likhale lotchinga bwino, nkhumba zisamayendeyende m'mudzi, alendo ndi ogula nyama asamalowemo, zogula kumene zikhale pazokha kwa mwezi zisanakumane ndi zina. Ndipo musathamangire tiana ta pamsika chifukwa tatchipa, kutchipa kwadzidzidzi nthawi zambiri ndiye kuti kwinakwake khola likutha. Mukadzaona nkhumba yasiya kudya, yatentha thupi, makutu ndi kumimba kwafiira kapena kwachita bii, ikudzandira, musaiphe kuti mupulumutseko nyama, itanani alangizi a ziweto a ku ofesi ya zaulimi ya dera lanu (EPA) tsiku lomwelo ndipo pakhomopo pasatuluke nkhumba kapena nyama. Ndikanakhala ine, ndi ndowa imodzi patsiku imenenso tikufuna ichepe, ndikanayamba ndi nkhuku za lokolo, kapena kugwirizana ndi munthu amene ali kale ndi khola labwino kuti azitenga zotsalazo, aziwiritsa yekha, inu azikupatsani ndowe kapena kandalama pamwezi. Nkhukuzo nazo zisamadye matumbo kapena kumwa madzi otsukira nkhuku zogula pamsika, chitopa chimayenda choncho, mwayi wake ndi woti katemera wa chitopa alipo, wodonthezera m'diso uja.

Pali chotsala china chimene simunachitchule koma ndikudziwa chimalowa m'khitchini mwanu, nsinjiro. Mchinji ndi kwawo kwa mtedza, ndipo mavenda akasankha wabwino n'kupita nawo ku Lilongwe, wotsala uja wofota, wobooka, wakuda, wa chuku, sutayidwa ayi, umasinjidwa n'kubwera pamsika ngati nsinjiro zotchipa. Chimodzimodzi chimanga chowola, chimapita kuchigayo, kwa ofulula mowa kapena kwa ziweto. Apa ndi pamene ine ndimati kusataya chakudya kuli ndi malire ake. Chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, kaya muphike kaya mukazinge amakhalamobe, amawononga chiwindi pang'onopang'ono mpaka khansa, amathandizira kupinimbira kwa ana, ndipo akachuluka amapha msanga, ku Kenya mu 2004 anthu 125 anamwalira atadya chimanga chotere. Ziweto nazo amazipweteka, abakha ndi anapiye ndiye msanga kwambiri, ng'ombe ikadya amatulukira mumkaka. Nde gulani mtedza wosasinja, musankhe nokha, musinje nokha, wowolawo mukwirire pansi osaupatsa chiweto chilichonse. Mukamagula wosenda funsani ngati sanauwaze madzi posenda, chizolowezi chija chonyowetsa makoko kuti afewe chimabweretsa chuku kwambiri. Chimanga cha bizinesi mukagula chambiri nthawi yokolola onetsetsani kuti chauma, tengani botolo lagalasi louma, ikanimo chimanga chodzadza dzanja ndi supuni ya mchere wouma, khutchumulani, dikirani pang'ono, mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo ndiye kuti sichinaume, chibwerere padzuwa. Chikauma, matumba a PICS aja osalowa mpweya amapha anankafumbwe popanda mankhwala, bola osawaboola ndipo muwasanje pa mathabwa osati pa simenti.

Za tomato ndi kabichi, vuto limayambira pogula, mtengo ukagwa timanyamula dengu lonse lakupsa tsiku limodzi. Sakanizani, wina wakupsa wa lero ndi mawa, wina wongoyamba kufiira wa kumapeto kwa sabata, ndipo mukafika naye musamusiye m'dengu lakuya kapena mujumbo chifukwa wapansi amaphwanyika, muyaleni pa mphasa kapena pa thandala pamthunzi podutsa mphepo, m'mawa uliwonse muzichotsa wofewa aphikidwe tsiku lomwelo. Wofewa koma wosawola si wotaya, muphikeni yense pamodzi mpaka madzi aphwe litsale phala lolimba, kamchere, timafuta pamwamba, limakuthandizani masiku awiri atatu pamalo ozizira. Zosunga miyezi m'mabotolo otseka musayese popanda kuphunzitsidwa bwino, makamaka masamba ndi nyemba, pali poizoni wina woopsa kwambiri amene amabadwira mmene mulibe mpweya. Dzuwa ndiye njira yosavuta, dulani tomato mopyapyala, wazani kamchere, yanikani pa thandala mutaphimba ndi kansalu koyera kopyapyala, osati neti ya udzudzu chifukwa ili ndi mankhwala. Masamba ndiye amayi athu anatiphunzitsa kale, mfutso. Nkhwani, khwanya, chitambe, bonongwe, ngakhale repu ndi kabichi zimafutsika, kuwiritsa mphindi zochepa chabe, kuyanika pamthunzi kuti zisataye mtundu ndi mavitamini, kusunga m'chikwatu kapena mundowa youma yotseka. Mfutso wotendera mu Okutobala anthu amaufunafuna, musadzadabwe makasitomala ena akumabwerera chifukwa cha mfutsowo. Nthochi zakupsa kwambiri ndi zitumbuwa za tiyi wam'mawa. Ngati firiji mulibe kapena magetsi akuzimazima, ikani mtsuko waung'ono mkati mwa waukulu, pakati pake mchenga wonyowa, pamwamba chiguduli chonyowa, pamthunzi, madzi akamauma amaziziritsa zamkatizo. Njira imeneyi imagwira bwino chilimwe, dzinja sithandiza kwenikweni chifukwa mpweya umakhala wachinyezi kale, ndipo ndi ya tomato ndi masamba basi, nyama ndi zophika musasungemo.

Zimene zatsala pamenepa, makoko a mbatata, a nthochi, a mazira, masamba akunja a kabichi, tomato wowoleratu, masamba a tiyi, amenewo ndi manyowa, ndipo ndi mmene feteleza wakwerera mtengomu ine sindimvetsa tikamazikwirira pamodzi ndi majumbo. Chofunika kwambiri ndi zouma. Zotsala za kukhitchini ndi zamadzimadzi, pazokha zimangosanduka phala lonunkha, nde ndowa imodzi ya zonyowa izitsatana ndi ndowa ziwiri kapena zitatu za zouma, masamba ogwa, udzu wouma, mapesi oduladula, makoko a mtedza amene nyengo yosenda amangounjikana kwanuko, utuchi wa kwa akalipentala, ngakhale makatoni ong'ambang'amba. Pansi yalani timitengo ndi mapesi kuti mpweya uzilowa, kenako zonyowa, zouma pamwamba pake nthawi zonse, kadothi pang'ono, ndowe za mbuzi kapena zitosi za nkhuku ngati zilipo, phulusa longowaza osati kukhuthula. Musachoke pamulu zonyowa zili poyera, ntchentche ndi fungo zimayambira pomwepo. Mulu ukhale pafupifupi mita imodzi mbali zonse ndi msinkhu womwe, waung'ono kwambiri sutentha. Zikani ndodo pakati, pakapita masiku atatu kapena anayi muizule muigwire, ikakhala yofunda ndi yonyowa pang'ono zili bwino, ikakhala yozizira ndi youma wazani madzi, ikakhala yoterera ndi yonunkha onjezerani zouma n'kutembenuza. Muzitembenuza masabata awiri kapena atatu aliwonse, pa miyezi iwiri kapena itatu mupeza zakuda zofumbutuka, fungo lake la dothi basi. Nthawi ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, pangani mulu pamtunda ndi kadenga ka udzu chifukwa dzenje limadzadza madzi, chilimwe ndiye dzenje ndi labwino poti limasunga chinyezi. Mafupa, nyama, mafuta ndi msuzi zisalowe pamulu, ndi zimene zikuitana makoswe ndi agalu anuwo, zimenezo kumbani kadzenje kakuya mukwirire tsiku lomwelo. Mulu kaya dzenje zitalikirane ndi chitsime kapena mjigo mamita osachepera 30. Ngati kuseri kwa lesitilanti malo ndi ochepa, njinga yomwe ikanapititsa zotsala kwa nkhumba ija ipititse ndowa ya makoko kumudzi, mulu ukakhale pafupi ndi dimba.

Mphutsi zikuluzikulu zakuda mwatchulazo musaziope. Ngati ndi zophwatalala, zolimba khungu, zotalika pafupifupi masentimita 2, amenewo ndi ana a ntchentche ina yakuda yooneka ngati mavu, black soldier fly. Iyo sidzatera pa nsima yanu, siluma, ndipo mphutsi zake zimadya zowola mwachangu kwambiri, zikachuluka ntchentche wamba zija zimachepa. Anthu ena pano akuziweta dala m'mabeseni, pa masabata awiri kapena atatu zimakhala zakula, n'kumadyetsa nkhuku, nsomba ndi nkhumba pochepetsa soya ndi usipa chifukwa zili ndi zomanga thupi zambiri. Za m'dzenje lanulo zisiyeni poti zasakanikirana ndi zonyansa zina, koma mukadzazolowera kusiyanitsa mutha kuyesa beseni limodzi loboola pansi, pamthunzi, n'kumaziviika m'madzi owira musanapatse nkhuku. Za biogas, gasi wophikira wochokera ku zowola, anthu amakonda kuzitchula, zimathekadi, koma pa ndowa imodzi patsiku ndalama yomangira singabwerere msanga, zisiyeni kaye.

Phulusa la pambaula panu lisungeni louma m'thumba. Likakumana ndi madeya ndi ndowe mumapanga manyowa a Mbeya amene alangizi ambiri akuphunzitsa, makilogalamu 10 a madeya, 10 a phulusa, 20 a ndowe zouma zopunthapuntha, 10 a feteleza, madzi malita 5, kusakaniza bwino, kuika m'thumba la pulasitiki mkati mwa saka, kumanga kuti mpweya usalowe, masiku 21, kenako kuumitsa pamthunzi. Miyezo imasiyanako malinga ndi mlangizi nde pemphani wa kwanuko akuonetseni ndi manja. Ena amakokomeza ngati thumba limodzi la feteleza lasanduka matumba asanu amphamvu yofanana, sizili choncho, koma fetelezayo amafika patali ndipo nthaka imasunga chinyezi bwino, kwa munthu amene phulusa akulipeza mwaulere tsiku lililonse ndi phindu ndithu.

Zothira palafini zija ayi mayi. Zonyowa sizipsa, zimangofuka tsiku lonse, utsi wa majumbo ndi poizoni kwa inu, kwa ana ndi kwa makasitomala, ndipo anebawo adzakwiya kuposa pano. Majumbo opyapyala boma linawaletsa kuyambira 2015 ngakhale akupezekabe, nde pokagula zinthu muzitenga dengu kapena chikwama, otsalawo muwasonkhanitse ouma m'saka apite kumalo otayira zinyalala a msika. Mafuta okazingira akada n'kuyamba kuchita thovu asiyeni, osaphikiranso ndipo osawathira m'ngalande.

Za aneba ndi eni nyumba, musadikire kuti akuitanireni a zaumoyo. Pitani nokha kwa HSA, mlangizi wa zaumoyo wa dera lanu, mumuuze kuti adzaone malo ndi kukulangizani poika mulu ndi pothira madzi, munthu wobwera yekha amalandiridwa mosiyana ndi wochita kunenezedwa, ndipo eni nyumba akaona alangizi a zaumoyo akuyenda nanu kuseriko mtima wawo utsika. Mufunsenso za klorini wothira m'madzi akumwa, osamba m'manja ndi otsukira mbale. Khonsolo imatolera ndalama pamsikapo, nde muli ndi ufulu wofunsa kudzera ku komiti ya msika za malo otayira zinyalala ndi masiku ozichotsa, mukapita angapo a malesitilanti pamodzi amamva msanga, ndipo mwina mupezanso alimi a madimba ofuna kumatenga makoko a msika onse kukapangira manyowa. Wina aliyense, inu, wantchito kaya mwana, akayamba kutsegula m'mimba kwamadzi kosalekeza, ayambe kumwa Thanzi ORS pomwepo n'kuthamangira kuchipatala osadikira kuche, ndipo wantchito wodwala m'mimba asagwire chakudya mpaka atachira.

Dzenje lakalelo lisiyeni lero lomwe. Valani magolovesi ndi nsapato zotseka, kokani ndi khasu majumbo amene mungathe, thirani udzu wouma kapena utuchi wambiri kuti umwe madzi, phulusa pamwamba, kenako dothi lokwana masentimita 30, pondani bwino, muikepo minga kapena miyala kuti agalu asafukule. Makoswe atcherani misampha, mankhwala a makoswe pafupi ndi pophikira ndi oopsa, ana ndi nkhuku zomwe zimatha kutola. Fungo litha pa masiku ochepa. Dothi likatitimira onjezerani lina, ndipo mvula ikayamba mudzabzalepo nthochi kapena papaya, masamba ndi mbatata pamenepo ayi. Mukalemba kope lija masabata awiri munditumizire manambala ake pamodzi ndi kuchuluka kwa ndowa ya zophika, tidzaone limodzi ngati zikukwanira nkhumba kapena nkhuku zokha.